Tsiku Limene a Mesenjala Anakankha Njinga

Achimwene anga anagwira umesenjala pa kampani yocheka matabwa kuyambira ali mnyamata wosamera ndevu mpaka imvi zitati mbuu. Dzina limene makolo athu anawapatsa linachita dzimbiri chifukwa chosaitanidwa. Ana, akuluakulu, ngakhale malemu alamu anga, akazi awo, onse ankangoti a Mesenjala, iwo n'kuvomera.

Miyendo imeneyo anaitengera kwa bambo athu. Kumene tinabadwira kunalibe waya kapena positi. Uthenga unkayenda ndi mapazi a munthu, ndipo kawirikawiri mapaziwo anali a bambo. Ankanyamuka mame asanaume n'kukatula mawu kuseri kwa mapiri monga anawalandirira, osachotsera, osathira mchere. Ndimakumbukira akuuza achimwene, ali kamnyamata, kuti uthenga ndi dzira: ukauthamangitsa umasweka, ukausunga umavunda.

Pa kampani paja panali lamya imodzi yokha, yakuda, yolemera ngati mphero, pa tebulo la a kalaliki. Matelegalamu nawo ankafikira pomwepo. Antchito ndi mabanja awo ankakhala m'nyumba za kampani zondondozana m'mizere, kumene tinkati kumalayini, ndipo inenso ndinakhalako nditakwatiwa ndi mmodzi wa onyamula matabwa. Chilichonse chochokera kunja, kaya kuchipatala, kaya kwawo kwa munthu, kaya m'fakitale momwemo, chinkayamba chafika pa tebulo lija, kenako n'kukwera njinga ya achimwene. Inali njinga yakuda, yaitali msinkhu, ya belu lomveka kutali. Iwo ankavala khaki wosita mpaka mzere wa buluku kuthwa ngati lumo, ndi chipewa cha mlomo kutsogolo. A kalaliki akawauza mawu, iwo ankawabwereza onse ali chilili, limodzilimodzi, ndipo akavomerezedwa m'pamene ankagwira handulo.

Kayendedwe kawo kanali ndi lamulo limene sanalilembe paliponse ndiponso sanauzepo munthu, koma malayini onse ankalidziwa. Polowera kumalayini panali mpopi pamene amayi ankasonkhana ndi ndowa zawo. Uthenga ukakhala wabwino kapena wamba, monga wakuti mayi uje wachira kuchipatala ndi mwana wamwamuna, kapena wakuti apongozi afika ndi basi ya mawa, achimwene ankadutsa pa mpopi paja akupalasa, belu likulira, ana akuwathamangira pambuyo. Koma ukakhala wa imfa, ankatsika pa mpopi pomwepo, n'kuvula chipewa, n'kuchikoleka pa handulo, n'kuyamba kukankha njinga pang'onopang'ono.

Amayi akaona zimenezo ankasiya ndowa zikusefukira. Popanda woyankhula, ankamangitsa nsalu m'chiuno n'kuwatsatira chapatali. Khomo lililonse linkagwira mpweya mpaka njinga itadutsa. Pofika pa khomo loyenera, mwini wake anali ataona kale, mtima utayamba kulandira, ndipo kumbuyo kwa mthenga kunali manja okwanira kumugwira.

Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake. Anati, "Chemwali, munthu akamagwa ndi mawu anga, agwere m'manja mwa anzake, osati pa simenti."

Lamulo limeneli linkawalemera iwo omwe. Alamu anga ankakonda kunena kuti anakwatiwa ndi mwamuna amene anthu amayamba ayang'ana miyendo yake asanamupatse moni. Tayala likaphwa ali pa ulendo wamba, sankayerekeza kukankha. Ankaisenza njinga yonseyo paphewa, thukuta lili kamukamu, kudutsa malayini onse, anyamata akuwakuwiza kuti lero njinga yakwera mwini wake. Iwo ankaseka nawo. Chuma analibe, sukulu sanapite nayo patali, koma ankanyadira chinthu chimodzi, chakuti sanagwetsepo mtima wa khomo lililonse pachabe.

Mwa makomo amene anakankhirako njinga panali la mayi wina wosoka zovala, amene tonse tinkati Atelala. Amuna awo ankagwira pa sowo yaikulu, ndipo tsiku lina lamba wa makina anaduka n'kuwamenya. Atelala anali pakhonde akupondaponda makina awo osokera. Achimwene ankati chimene sanachiiwale si kulira ayi, koma mmene makina aja anakhalira chete pamene njinga inakhota kulowa mzere wawo. Mayiyo anatsala ndi ana awiri, mtsikana ndi kamnyamata kosakhazikika kamene anakatcha Kadziwotche, chifukwa paliponse pamene panali moto kapena chitsulo chozungulira, kankapita kukaikapo chala.

Zaka zinapita. Kunabwera mauthenga a pa wailesi, kenako timanyumba ta lamya m'mbali mwa msewu, kenako mafoni a m'manja, oyamba aja aakulu ngati njerwa amene mabwana ankawapachika m'chiuno. Pasanapite nthawi, ngakhale wogulitsa makala anali nayo yake. Kampani inawapumitsa achimwene mwaulemu n'kuwasiyira njinga ndi khaki. Pambuyo pake nayonso inatseka, nyumba zija zinatsala m'manja mwa okhalamo, ndipo theka la malayini linadzaza ndi anthu achilendo.

Poyamba achimwene ankakhalabe pachipata m'mawa, nsapato zitapukutidwa, ngati wina angawatume. Tsiku lina anamva mtsikana woyandikana nafe akudandaula kuti sakudziwa ngati mnzake wa mzere wachitatu wabwera kuchokera kuchipatala. Iwo anadzuka msanga n'kudzipereka kuti akamuonere. Mtsikanayo anaseka mwaulemu, n'kugwedeza chala pa foni, ndipo asanatulutse n'komwe njinga anati, "Basi agogo, wayankha, ali kunyumba." Achimwene anaima kanthawi atagwira chitseko, kenako anayamba kuchita ngati anadzukira kukathirira maluwa.

Foni sankadana nayo, koma kuikhudza ayi. Nthawi ina anabwera kuchokera kumsika nkhope itagwa. Anaona mayi wina akusankha tomato, foni n'kulira m'chikwama, iye n'kuyankha akuseka, kenako n'kugwa yekhayekha pakati pa anthu osamudziwa. "Dzira laponyedwa ngati mwala," anatero, ndipo tiyi wa madzulo amenewo anamukana.

Alamu anga atamwalira, nanenso nditatsala ndekha, ndinasamukira kwa achimwene kuti tizisungana, poti ana awo awiri anali m'matauni akutali. Apa m'pamene ndinaona ukalamba ukuwalowa, ndipo unayambira m'maondo. M'mawa wina anatulutsa njinga n'kuponda pedulo, koma mwendo unakana kudumpha chishalo. Anayesanso, n'kuyesanso. Atacheuka n'kuona kuti ndili pazenera, anawerama n'kuyamba kugwiragwira tcheni.

"Tcheni ichi chatha," anatero mokweza.

Kuyambira pamenepo tcheni sichinachirenso. Wowafunsa chifukwa chosaonekera kumsika ankauzidwa za tcheni, wa kutchalitchi nayenso za tcheni. M'mawa uliwonse ankaipukuta njingayo ndi kansanza, kuithira mafuta, kupopa matayala, n'kuibwezera m'nyumba. Wapansi popanda chotsamira sankafika patali. Ndodo ankaikana, ati ndodo ndi ya nkhalamba. Chotsamira chabwino chinali njinga yomweyo, koma kuikankha m'malayini sakanatha. Munthu amene ankadziwa khomo lililonse anatsekeredwa pakhonde lake ndi lamulo lake lomwe, ndipo manyazi sankamulola kunena.

Pa nthawiyi n'kuti Kadziwotche atakula n'kuchoka. Iye ankafuna ntchito ya makina akuluakulu a m'migodi, kudziko lina. Atelala anakana kwamtuwagalu, ati makina anadya bambo, asadyenso mwana. Mnyamata anapita ndithu, ndipo mayi wake anamuuza ali pachipata kuti, "Ukatuluka pano, usadzandiyimbire." Iye ankayimbabe. Mlongo wake, amene ankagwira ntchito m'sitolo m'tauni, anawagulira amayi awo foni, koma nambala ya Kadziwotche ikaoneka, Atelala ankaivundikira ndi zidutswa za nsalu n'kupondaponda makina mwamphamvu mpaka italeka kulira. Zinakhala choncho zaka zambiri.

M'mawa wina kafoni kanga ka mabatani kanalira ndikusesa. Mawu a mwamuna wamkulu anandipatsa moni mwaulemu, n'kudzitchula dzina laubwana lija, n'kupempha kuyankhula ndi a Mesenjala. Achimwene anakana kukagwira, choncho ndinakaika pa sipika n'kukagoneka pampando pakati pathu.

"Agogo, muli moyo?"

"Ndikanafa ukanamva pa foni," anayankha achimwene. "Ndiwe Kadziwotche uja unandibowolera tayala ndi msomali?"

"Ndine ndemwe, agogo. Koma ndinakula, ndinasiya."

"Kukula kwake kumeneko kosiya mayi ako akuyankhula ndi makina?"

Mnyamata anati, "N'chifukwa chake ndaimba. Mayi sandiyankha. Mlongo wanga akayambitsa nkhani yanga, amamuthamangitsa. Koma inu sangakubwezeni pakhomo. Ndikufuna ndikutumeni, agogo, ngati kale."

Ndinaona msana wa achimwene ukuwongoka pampando.

"Nena. Pang'onopang'ono."

"Mukawauze kuti ndili bwino, zala zonse zilipo. Ndinakwatira. Mwezi wathawu kwabadwa mwana wamkazi, ndipo ali ndi mphumi yawo. Ndinawalakwira pochoka osatsazika bwino. Kutha kwa mwezi uno ndikubwera ndi mkazi ndi mwana. Ndikufunsa ngati chitseko chidzatsegulidwe, chifukwa sindikufuna kudzaimika mkazi wanga panja."

Achimwene anabwereza mawu onsewo monga ankachitira pamaso pa a kalaliki, mpaka za mphumi zomwe.

"Ndasiya kanthu?"

"Ayi, agogo."

"Yankho ulimva dzuwa lisanalowe."

Analowa kuchipinda, n'kutuluka atavala khaki uja, wonunkha m'bokosi, wowakulira tsopano m'mapewa, chipewa chili kumutu.

"Achimwene, mupita bwanji? Tcheni chija chachira?"

"Chachira."

Anaitengera njinga kuseri kwa nyumba, kumene kunalibe maso. Ndinamva chiphokoso cha zitsulo, ndipo nditathamangirako ndinawapeza ali pansi, njinga itawagonera, tayala likuzungulirabe. Ndinawadzutsa, tonse osayang'anana.

"Ndiitane wa njinga yamoto akunyamuleni."

"Mesenjala kufika atanyamulidwa ngati thumba la makala? Iyayi."

"Ndiye ndipite ine."

"Watumidwa ndiwe?" Anasasa fumbi pa bondo n'kuyang'ana msewu nthawi yaitali. "Ndikankha. Amene ankadziwa zija ali kumanda. Otsalawa mitu ili m'mafoni, ndani angayang'ane nkhalamba ndi njinga yake? Chipewa ndivala, sindivula."

Ananyamuka dzuwa litakwera, ine n'kutsala pakhomo. Zoyamba za panjira ndinazimva pambuyo pake kwa amene anaziona.

Mpopi uja unauma kalekale, ndipo pamalopo pankakhala mayi wina pansi pa ambulera akugulitsa mayunitsi. Achimwene anafika pamenepo mpweya utawathera. Anaima n'kuvula chipewa kuti apukute thukuta, ndipo dzanja, poti limakumbukira zake, linachikoleka pa handulo. Atapuma anapitiriza kukankha, osadziwa.

Mayi wa mayunitsi sanali mlendo. Anabadwira kumalayini, ndipo ali kamtsikana anaiona njinga yomweyo, ndi chipewa chomwecho, ikuima pakhomo pawo tsiku limene chipika chinagwera bambo ake. Atadzutsa mutu n'kuona khaki, anaimirira. Anawatsatira ndi maso mpaka anakhota kulowa mzere umene wakale anatsalamo ndi Atelala okha. Posafuna kuti mayiwo agwe popanda wawo, anaimbira mwana wawo wa kusitolo uja.

"Iwe, siya zimene ukuchita, bwera kwanu. A Mesenjala akukankha njinga, chipewa chili pa handulo, alowera kwa amayi ako."

Imfa sanaitchule, ndipo mpaka lero amalumbira. Koma mtsikanayo anali ndi mlongo mmodzi yekha, wa kumigodi. Ali m'minibasi, analemba pa gulu la pa foni la achibale kuti apemphere, kwa achimwene ake kukuoneka kuti sikuli bwino. Azakhali ake atawerenga anayamba kulira. Msuweni wina anaika chithunzi cha Kadziwotche n'kulemba pansi pake kuti mzimu wake uuse mumtendere. Mthenga asanafike pakati pa mzere, uthenga umene sanatumidwe unali utawoloka malire a mayiko.

Kafoni kanga kanaliranso. Anali mnzanga wa kukwaya.

"Mwamva? Mwana wa Atelala watisiya. Akuti mgodi wagumuka."

"Mwana uti? Ndayankhula naye m'mawa womwe uno!"

"Nanga achimwene anu akukankhiranji njinga?"

Ndinatuluka osatseka chitseko, patapata imodzi kuphazi. Nditadutsa pa mpopi ndinaona zimene sindinazione kwa zaka zambiri. Achimwene anali kutsogolo atawerama pa handulo, ndipo kumbuyo kwawo chigulu cha amayi chinkayenda mwakachetechete, akale akutsogolera, achilendo akutsatira poona anzawo. Iwo atamva mapazi anacheuka. Anaona amayi aja, kenako anaona chipewa pa handulo. Anatukula dzanja kuti awabweze, pakamwa pakutseguka koma mpweya palibe, ndipo amayiwo anayesa chisoni chawatsamwitsa. Mmodzi anayamba kusisima. Achimwene anagwira belu n'kuliza, koma mochedwa. Pakhonde la Atelala makina anali atakhala kale chete.

Atelala anaimirira, tepi ili m'khosi, n'kugwera m'manja mwa oyandikana nawo. Kulira kwawo kunang'amba malayini onse.

"Mwana wanga ine! Unkandiyimbira, ine n'kumakuvundikira ndi nsanza! Dzulo lomweli unaimba, ndinangokuyang'ana ukulira pa tebulo! Ndiyimbirenso, mwana wanga, kamodzi kokha!"

Mawu amenewo anamveka kwa aliyense. Achimwene anafika pachipata, n'kuikumbatira njinga kuti asagwe, n'kukoka mpweya wonse umene unatsala m'chifuwa.

"Ali moyo! Mayi, mwana wanu ali moyo! Wandituma ndi mawu abwino!"

Kulira kunaduka ngati ulusi. Anthu anayang'anana. Ndiye mkulu wina wopala matabwa, mnzawo wakale wa pa kampani, anafunsa mokweza ndi mwaukali.

"Nanga mwakankhiranji njinga, a Mesenjala? Lamulo lake si lanu lomwe? Mukufuna kutiphera mayiyu?"

Achimwene anayang'ana tcheni. Ndinaona milomo yawo ikufuna kuchitchula. Koma tcheni chinali pomwepo, chikunyezimira mafuta, aliyense akuchiona.

"Maondo," anatero chapansipansi.

"Mwati chiyani?"

"Maondo atha. Sindithanso kukwera. Papita nthawi."

Kumbuyo, anyamata amene anali atakweza mafoni kuti ajambule maliro anaphulika ndi phwete. Wina anakuwa kuti, "Agogo apha munthu ndi nyamakazi!" Amayi ena anaseka misozi ili m'masaya, ena anang'ung'udza akumasula nsalu m'chiuno. Mayi wa mayunitsi anabisa nkhope m'manja. Achimwene anangoima, mutu wopanda chipewa, dazi lili padzuwa.

Pamenepo pansi pa mulu wa nsalu panalira foni. Kadziwotche anali ataona chithunzi chake chomwe ndi mawu omufunira mpumulo wabwino. Atelala anakwawa, n'kufukula nsalu zija ngati nkhuku, n'kuyankha. Sindinganene kuti anakambirana. Ankangolira, uku mayi, uko mwana, ndipo chapatali kakhanda nakonso kanalowerera. Anthu onse anaunjikana pakhonde kuti amve, ndipo palibe anayang'ananso mthenga.

Achimwene anaitsamiritsa njinga pa mpanda n'kundigwira phewa. Tinabwerera kunyumba tikupumira pa mpanda uliwonse.

Masiku otsatira sanatuluke m'chipinda. Khaki anamupinda n'kumuika pansi penipeni pa bokosi. Kanema wa anyamata aja anayenda m'mafoni mpaka anafika kwa ana awo kutauni, amene anaimba akuseka, kenako akudandaula, koma iwo anakana kuyankhula nawo. Mayi wa mayunitsi anabwera kudzapepesa, anakhala pakhonde mpaka tiyi anazizira, n'kubwerera osawaona.

Ndinayesa kuwatonthoza. "Achimwene, komatu mayi ndi mwana agwirizana. Si zimene munapitira?"

"Agwirizana chifukwa ndinamuliritsa maliro a mwana wamoyo," anayankha nkhope ili kukhoma. "Mayi uja ndamugwetsa kawiri. Koyamba ndinatumidwa. Kachiwiri anandituma ndani? Waulula za mumtima mwake pamaso pa malayini onse chifukwa ine ndinachita manyazi ndi ndodo. Ndipo mawu amene mwana anandipatsa ndikadali nawo m'kamwa. Bambo akanati chiyani?"

Ndinangowasiyira madzi pampando n'kutuluka.

Patapita masiku, madzulo ena dzuwa litapendeka, ndinawanyengerera kuti akhale pakhonde awothere. Ine ndinali pambali pawo ndikulumikiza batani la malaya. Mwadzidzidzi anandigwira mkono mwamphamvu. Kumapeto kwa mzere wathu kunkabwera munthu akukankha njinga yakuda pang'onopang'ono, chipewa chikulendewera pa handulo.

Nkhope yawo inachita phulusa. Anadzuka osagwira chilichonse, maondo aja ataiwalika.

"Chemwali," ananong'ona, "ndani? Wamkulu kapena wamng'ono?"

Ankanena ana awo. Zaka zonse zija iwo anali kumbuyo kwa handulo, ndipo aka kanali koyamba kuiona njinga yawo ali pakhomo.

Anali Atelala. Atafika pachipata analiza belu n'kuima akupuma.

"Mwatuwa bwanji, a Mesenjala? Ine kupalasa sindidziwa. Mumafuna ndiisenze pamutu?"

Achimwene anabwerera pampando ngati akankhidwa. "Mayi, ndilibe nkhope yokuyang'anirani."

"Wopanda nkhope ndine. Malayini onse akudziwa tsopano kuti ndinkavundikira mwana wanga ndi nsanza. Kutchalitchi ndikukhala benchi yakumbuyo." Anakhala pa mpando umene ndinawapatsa n'kuyala manja pamiyendo. "Koma sindinabwerere zimenezo. Ndabwera kudzatenga katundu wanga. Munatumidwa kwa ine, simunatule."

"Munamva kale pa foni."

"Ndinamva chiyani? Iye kulira, ine kulira, khanda kulira. Kuyambira tsiku lija timaimbirana, koma timangofunsana za mvula ndi chimfine. Chimene anakutumani, iye akuchita manyazi kuchinena, ine ndikuchita manyazi kuchifunsa. Tulani."

Achimwene anandicheukira. Kenako anati, "Chemwali, chipewa."

Ndinakachichotsa pa handulo. Anachivala, n'kuimirira atagwira mzati wa khonde, n'kutula uthenga wonse monga anaulandirira, kuyambira zala mpaka chitseko. Sanachotsere, sanathire mchere. Atafika pa mawu a mphumi, Atelala anadzigwira pamphumi n'kuyang'ana kumbali.

"Yankho?" anafunsa achimwene.

"Mukamuuze kuti chitseko chija sindinachikhomepo. Chimangolimba nthawi ya mvula, adzakankhe ndi phewa. Ndipo anditumizire muyeso wa mkazi wakeyo, ndisadzamulandire chimanjamanja."

Achimwene anabwereza yankholo limodzilimodzi. Atelala anavomera ndi mutu, n'kupita pa njinga, n'kumasula chinthu chimene chinamangidwa pa kaliyala ndi kachidutswa ka nsalu. Inali ndodo yopalidwa bwino, ya mutu wopindika.

"Wopala matabwa uja watumiza. Akuti pakamwa pake panathamanga tsiku lija." Sanawapatse m'manja. Anangoitsamiritsa pa mpando wawo n'kutsazika.

Atapita, achimwene anakhala akuyang'ana ndodoyo, kenako dzuwa, limene linali litatsala pang'ono kulowa.

"Yankho la mwana uja lachedwa kale," anatero. "Lisavunde. Bwera nako kafoni kako, undionetse pokanikiza."

Anakagwira ndi manja awiri. Chala chawo chinaphonya batani kangapo, ine osathandiza. Kutsidya kutayankhidwa, anakonza chipewa n'kuyamba ndi moni. Anafunsa za mkazi, za khanda, ngati mnyamatayo wakhala pansi, ndiponso ngati ali ndi anthu pafupi. Atatsimikiza zonsezo m'pamene anatula.

Ndodo ija anayenda nayo mpaka kumwalira kwawo. Kumsika anabwererako, kutchalitchi anabwererako, ndipo kamwana ka mphumi kaja anakanyamulapo pamiyendo. Koma njira ya pa mpopi ankailambalala, ndipo wina akatchula tsiku lija, ngakhale moseka, iwo ankayang'ana pansi n'kuyamba kufunafuna kanthu m'thumba. Njinga ikadali kuseri kwa chitseko changa, chipewa chili m'bokosi. Ndikafuna kusesa pamene yaimapo, ndimachita kuinyamula.